Nyumba ya Abambo Inagwa Kawiri

Ana anga, ndi inu adzukulu amene mudzawerenge izi ine nditatsamira dzanja, gawo lino ndi la zaka zanga za ku Dedza. Za ubwana ndazilumpha dala. Kuweta mbuzi ndi kukwapulidwa kusukulu aliyense wa msinkhu wanga anakuona, palibe chachilendo choti ndikutayireni nacho nthawi. Ndiyambira pomwe ndinayamba kudya thukuta langa.

1974 mpaka 1993

Ntchito yanga yoyamba inali ku Lilongwe, nthawi imene mzindawo unkamangidwa, fumbi lili koboo kulikonse. Anandilemba ngati wokopera mapulani. Akatswiri ankajambula nyumba ndi pensulo, ine n'kuyala pepala loonekera pamwamba pake n'kumalondola mizere yawo ndi inki, mpweya nditaugwira kuti dzanja lisanjenjemere. Ukadonthetsa inki pakati pa chipinda chochezera, ntchito ya sabata yonse yapita, umayamba kupala ndi lezala uku ukupemphera kuti pepala lisabooke. M'kupita kwa nthawi anandilola kujambula zanga. Ndinazungulira ku Kasungu ndi ku Ntcheu, ndikujambula nyumba za aphunzitsi, timakiliniki ndi zimbudzi zosawerengeka. Ndimauza anzanga kuti ngati kumwamba amafunsa ntchito za manja, ine ndidzaloza zimbudzi. Koma chinthu chimodzi ndinali nacho chiyambire: ndikajambula nyumba, ndinkalowamo. Maso ali pa pepala, ine ndili m'kati, ndikuyenda chipinda ndi chipinda, ndikumva kumene mphepo idzalowere. Amayi anu ankati ndinakwatira bolodi lojambulirapo, iwo ndi mkazi wachiwiri.

1994

Ananditumiza ku Dedza chaka chomwe tinavota masankho oyamba a matipate. Ndinakondwa, chifukwa kwathu ku Kaphuka kunali pafupi, ndipo abambo ndi amayi anali atakalamba. Ofesi yathu ya zomangamanga inali kachipinda kotalika, kazenera kake koyang'ana kuphiri. M'mawa wa mwezi wa Juni chifunga chinkatsika m'mitengo ya paini mpaka kufika pakhomo penipeni, ndipo zala zinkauma moti cholembera ndinkachigwira ngati khasu. Bwana wanga anali a Gwaza, munthu wonenepa, woseka ndi thupi lonse, amene jekete yawo yaikulu sankaivula ngakhale mu Okutobala. Aliyense ankamuitana kuti achimwene, kuyambira wosesa mpaka alendo ochokera kulikulu. Zosowa zinali zambiri. Inki inkabwera mwakamodzikamodzi, mapepala ndiye osanena. Chisankho chitatha, a Gwaza anatolera mapositala a kampeni amene anatsala m'mitengo ndi m'makoma, nandiunjikira patebulo.

"Achimwene," anatero, "anthuwa anatilonjeza chitukuko. Tiyeni tiyambire kumsana kwawo."

Choncho kwa miyezi ingapo ndinkajambula zimbudzi za sukulu kuseri kwa nkhope za anthu ofuna mipando, opambana ndi ogwa omwe, osasankha chipani.

1997

Kompyuta inabwera ndi bungwe lina la kunja limene linkathandiza kumanga nyumba za aphunzitsi. Anaitsitsa m'galimoto ngati mkwatibwi, naiika patebulo langa, naifunditsa nsalu. Mzungu amene anaibweretsa anakhala nafe masiku ochepa chabe, anandionetsa poyatsira, pozimitsira ndi kagwiridwe ka kambewa kake, basi n'kumapita. M'kati mwake munali pulogalamu yojambulira nyumba. Ndinali ndi zaka zoposa makumi anayi ndipo ndinkaiopa. Koma tsiku limene ndinajambula makoma anayi n'kudina pamene anandiuza, ndinaona chinthu chimene sindidzaiwala. Mizere yanga inadzuka. Chithunzi chinayamba kutsika pang'onopang'ono kuchokera pamwamba pa galasi, thambo kaye, kenako denga, kenako makoma, mpaka nyumba inaima pa udzu wobiriwira. Ndikasuntha kambewa ndinkayandikira khomo, n'kulowa. Zimene ndinkachita ndekha m'mutu zaka zonse zija, tsopano zinali poyera, ndipo a Gwaza anali kumbuyo kwanga pakamwa pali yasa.

Koma walira mvula walira matope. Pulogalamu ija inapangidwira anthu a dziko lina. Inali ndi magalaja, zipinda za pansi pa nthaka, masofa a mitundu yonse ndi mitengo imene sindinaionepo, koma khonde sinkalidziwa, nkhokwe sinkaidziwa, ndipo inkakhulupirira ndi mtima wonse kuti dziko lapansi ndi lathyathyathya ngati tebulo. Munthu wa ku Dedza ukamuuza zimenezo akhoza kukuseka mpaka kugwa, chifukwa kwathu ngakhale nkhuku imayenda chopendekeka. Buku lake linali lachingerezi chovuta ndipo silinkanena kanthu za mavuto athu. Ndinazindikira msanga kuti makinawa sukangana nawo, umawanyengerera. Ukawapempha chimene sadziwa amakana, koma ukawapatsa dzina limene amalidziwa amavomera ndi manja awiri.

Ndilembe pano zina mwa njomba zimene ndinaphunzira, chifukwa ndinazivutikira ndipo palibe anandiphunzitsa. Khonde ndinkaliuza kuti ndi chipinda, kuti denga lifike pamenepo, kenako makoma ake atatu n'kuwabisa kuti asaoneke, n'kuimikapo nsanamira. Nsanamira za m'makinamo zinali zonenepa, zoyera, za nyumba za mafumu a kunja, ndiye ndinkaziondetsa mpaka kukula ngati mwendo wa munthu n'kuzipaka mtundu wa mtengo. Malo otsetsereka ndinkayambira pangodya ya kumunsi, n'kunamiza makina kuti kumeneko kuli chipinda cha pansi chopanda khomo, choncho maziko ankatalika mbali imodzi monga amachitira mamesoni athu. Khitchini yozungulira inandidyera sabata, popeza makoma onse m'menemo anali owongoka. Mapeto ake ndinalumikiza timakoma tifupitifupi tambirimbiri, kalikonse kopotoka pang'ono, mpaka tinakumana. Denga la udzu munalibe, ndiye ndinkatenga la malata, kulikhuthalitsa, kulikweza msana, n'kulifunditsa kapeti wofiirira. Nkhokwe ndiyo inaseketsa a Gwaza mpaka misozi: ndinatenga tebulo lozungulira, kulitalikitsa, n'kulivundikira ndi chipewa cha nyale yapatebulo nditachikulitsa. Ndipo lamulo lalikulu kuposa onse linali kusunga ntchito pafupipafupi, chifukwa magetsi a pa boma ankathima osatsanzika, ndipo akathima nyumba yako yosasunga inkapita nawo.

"Achimwene, inu ndinu wabodza wamkulu," ankatero a Gwaza. "Makina a azungu mwawasandutsa a ku Kaphuka."

Masiku amenewo ndinali wokondwa kuposa nthawi ina iliyonse pa ntchito. Anzanga akapita kukadya chipisi kumsika masana, ine ndinkatsala, ndikuyenda m'nyumba zimene zinalibe njerwa ngakhale imodzi. M'menemo munalibe mphepo, munalibe fumbi, dzuwa linkakhala pamalo amodzi osasuntha. Nthawi zina ndinkadzidzimuka ndikumva belu la tchalitchi, osadziwa kuti ndakhala m'menemo nthawi yaitali bwanji.

1998

Abambo anamwalira nyengo yozizira, anthu akukumba kachewere. Anadwala chifuwa kwa milungu ingapo, anakana kugonekedwa kuchipatala, natsirizikira m'nyumba mwawo, pamphasa, amayi atawagwira mutu. Nyumbayo anaimanga okha atangobwera kudzakhala chikamwini kwa amayi. Inali ya mdindo, ya ngodya zinayi, yofolera udzu, khonde lozungulira mbali zonse. Abambo anali mlimi wabwino koma mmisiri wa pakatikati, ndipo sindikuwanyoza. Khoma la kum'mawa linatsamira kunja kuyambira tsiku loyamba ndipo analichirikiza ndi mtengo wa mphanda umene unakhala pamenepo moyo wanga wonse. Khomo analiyeza ndi msinkhu wawo, ndipo poti anali aafupi, tonsefe tinakula tikuwerama polowa. Alendo ankagunda mutu, abambo n'kumati, "Pepani, nyumba ino imafuna ulemu." Ine ndinabadwira m'menemo. Mlongo wanga Agnesi, azakhali anu, anabadwiranso momwemo.

Amayi anali Mkatolika wolimba, woyenda wapansi kupita ku Misa ku Kabwazi ngakhale kukuzizira chotani. Koma pa nkhani za maliro, pamudzi pathu mawu anali a achimwene awo, atsibweni anga a Likisho, amene ankasunga mwambo wa makolo. Mwambowo umati nyumba imene mwini wake wafera m'kati siisiyidwa chiimire. Akameta komaliza, amaigwetsa, kuti malemu adziwe kuti pano malo awo atha, apite kumene apita anzawo, ndipo otsala agone mwamtendere. Achibale anali atayamba kale kumangira amayi kanyumba kena chakumtunda. Sindinatsutse. Mwambowo ndinakula nawo ndipo ndinagwetsa nawo nyumba za ena. Koma nditaganiza kuti khoma lotsamira lija lidzagona pansi, mtima unandipweteka kuposa tsiku loika maliro.

Loweruka lina ndinakwera matola ndili ndi tepi m'thumba. Ndinayeza chilichonse: makoma, kutsamira kwake, khonde, nsanamira iliyonse ndi kupindika kwake, kazenera kakang'ono ka kuchipinda, kutsetsereka kwa bwalo kulowera kudambo. Atsibweni anandiona ali pansi pa mtengo wa pichesi.

"Mphwanga, ukuyeza chiyani nyumba yoti igwa?"

"Ndi chizolowezi cha ntchito, atsibweni," ndinayankha.

Anangopukusa mutu. Kwa iwo anthu a pa boma tonse tinali ndi kamisala kathu.

Ndinayamba kuimanga m'kompyuta Lolemba masana. Inandivuta kuposa nyumba iliyonse imene ndinajambulapo, chifukwa makina aja ankakonda zowongoka, ndipo mwa abambo munalibe chowongoka. Ndikapendeketsa khoma, iwo ankalikoka n'kuliwongola, ngati mphunzitsi wokonza kope la mwana. Ndinachita kufufuza mpaka kupeza kabatani kamene ukakagwira amasiya kukuwongolera. Khoma lotsamira ndinalipanga ndi kadenga kopapatiza koimirira, popeza denga lokha ndilo ankalilola kupendekeka. Mtengo wa mphanda ndinaulumikiza ndi miyendo ya mpando. Pa khomo m'pamene tinakanganirana kwambiri. Makinawo anali ndi msinkhu wawo wa chitseko ndipo sankalola kutsika kuposa pamenepo. Ndinayesa uku ndi uku, osatheka. Tsiku lina ndikubwera kuntchito, ndikudutsa m'chifunga, nzeru inabwera: ndinawauza kuti ndi zenera. Zenera ankalola msinkhu uliwonse. Ndinalitsitsa mpaka pansi, kuchotsa galasi, kulipaka mtundu wa matabwa akale, ndipo linaoneka ndendende chitseko cha abambo. Vuto lake linali limodzi, silinkatseguka. Koma sindinadandaule, chifukwa polowa ndi kambewa munthu unkangodutsa ngati utsi.

Tsiku logwetsa nyumba yeniyeni ndinalipo. Amuna anakwera nasasula udzu, anachotsa phaso, kenako tinakankha makoma. La kum'mawa lija silinachedwe, linali likudikira zaka zonsezo. Fumbi litakhazikika panatsala bwinja, ndipo amayi analira pang'ono napita kukanyumba kawo katsopano. Ine sindinalire kwenikweni. Ndinali ndi chinsinsi chonditonthoza, chakuti pa boma, pansi pa nsalu, nyumbayo inali chiimire.

Kuyambira pamenepo masana anga onse anali a m'menemo. Ndinkayamba kutsidya kwa bwalo, kuyandikira pang'onopang'ono, kukwera pakhonde, kulowa. Ndinkaima pamene pankakhala mphasa ya abambo. Ndinkayang'ana kudzera pakazenera, ngakhale kunja kunali udzu wobiriwira wokhawokha mpaka kumene thambo lathera. Sindinganame, nthawi zina ndinkamva fungo la utsi ndi la fodya wawo. A Gwaza ankabwera mwakachetechete, kuima kumbuyo kwanga, n'kubwerera osanena nthabwala, chimene kwa iwo chinali chinthu chachikulu. Poopa magetsi ndi matenda a makina, ndinaikoperanso pa disiketi n'kuisunga m'thumba la shati.

Tsiku lina Agnesi anabwera kuchipatala cha pa boma ndi mwana, ndipo pobwerera anadzera ku ofesi kudzandiona. Chimwemwe chinandipusitsa. Ndinamukhazika pampando n'kunena kuti, "Taona kuno." Chithunzi chitatsika, Agnesi anagwira pakamwa. Anayang'ana nthawi yaitali, misozi ikuyenderera. Potuluka anangoti, "Achimwene, zimenezi amayi akuzidziwa?" Ndinati ayi. Koma nkhani yotere siikhala m'mimba mwa munthu kuchokera pa boma mpaka ku Kaphuka.

Patapita masiku, m'mawa wina wa chifunga, ndinamva kugogoda. Pakhomo panali atsibweni atavala chikhoti chawo cha maliro, ndi amayi kumbuyo kwawo atafunda tawulo pamapewa. Amayi anali asanalowepo mu ofesi yanga chiyambire. Nditawaona ndinadzidzimuka, chifukwa anali ataonda ndipo maso analowa m'kati. A Gwaza anawapatsa mipando, tinapatsana moni wa mwambo, kufunsana za kumudzi ndi za mbewu. Kenako atsibweni anakhosomola.

"Mphwanga, tamva kuti nyumba ya alamu anga, imene tinagwetsa tonse ndi manja athu, iwe waiimikanso kuno."

"Si nyumba yeniyeni, atsibweni. Ndi chithunzi chabe."

"Chithunzi munthu amalowamo? Agnesi akuti iwe umalowamo."

Ankanena zoona, ndinkalowamo ndithu.

Apo amayi anayankhula, maso ali pansi. "Damiano, ine sindikugona. Chigwetsereni nyumba ija abambo ako akundibwerera kutulo. Ali m'nyumba mwathu momwe muja, koma mulibe moto, mulibe mphasa, muli mbee. Akunjenjemera. Akukankha chitseko, chitseko osatseguka. Ndimati mwina ndi chisoni changa, ndinakaperekanso Misa. Ndiye Agnesi atandiuza, ndinati kodi n'kumeneko ali."

Za chitseko chija sindinauze munthu aliyense, ngakhale Agnesi. Ana anga, ine ndinapita kusukulu, ndipo ndikudziwa kuti wamasiye akhoza kulota chitseko chotseka popanda kompyuta. Ndaganizira zimenezi zaka zambiri ndipo sindikukuuzani kuti mukhulupirire chakuti. Ndikungonena zimene amayi ananena, ndi mmene anaonekera pozinena.

A Gwaza anandikodola kuti tituluke panja. Tinaima pakhonde, chifunga chikutinyowetsa.

"Achimwene," ananong'ona, "nkhaniyi ndi yosavuta. Fufutani ya m'makinayo iwo akuona, mitima yawo ikhale pansi. Ya m'thumbayo sungani. Adziwa ndani? Ana anu adzafuna kuona kumene munabadwira."

Anali kunena mondikonda, ndipo mawu awo anandikoma. Dzanja langa linali kale pathumba la shati, ndikumva ngodya za disiketi ija. Ndinaganiza za inu. Ndinaganiza za masabata onse aja, khoma lotsamira, mtengo wa mphanda, zinthu zoti sindikanathanso kuziyeza chifukwa zinali dothi. Pa dziko lonse lapansi nyumba ya abambo inatsala malo awiri okha, patebulo paja ndi pachifuwa panga. Koma ndinaganizanso za amayi akubwerera ku Kaphuka atakhulupirira mwana wawo, n'kukagona pamphasa, ine ndikudziwa kuti chitseko chija chikadali chotseka m'thumba mwanga. Akanalotanso, ndikanawayang'ana bwanji? Ndipo akanapanda kulota, ndiye kuti tulo tawo ndatigula ndi bodza. Makina ndinkawanamiza tsiku ndi tsiku mosavutika mtima, koma amayi anga si makina.

Ndinabwerera m'kati, ndinatulutsa disiketi n'kuiika patebulo.

"Amayi, atsibweni, nyumbayi ili pawiri. Ina ili m'kabokosi aka."

Atsibweni anaitola, anaitembenuza uku ndi uku, anaiyang'anitsitsa kuwala kwa zenera. "M'kanthu aka muli nyumba ya alamu?"

"Yonse, ndi khonde lomwe."

Anandibwezera. "Wamanga ndiwe. Gwetsa wekha."

Ndinaithyola pakati, ndinasolola kachikopa kakuda ka m'kati mwake n'kukadula ndi lumo. A Gwaza anayang'ana kumbali.

Nditafika pa kompyuta, amayi anati, "Dikira. Ndiione kaye." Ndinakokera mpando wawo pafupi ndi wanga, ndinadina, ndipo tinadikira. Thambo linayamba kutsika, kenako nsonga ya denga, kenako udzu wanga wa kapeti, nsanamira, khoma la kum'mawa ndi mtengo wake. Amayi anasendera kutsogolo mpaka mphuno inatsala pang'ono kukhudza galasi.

"Ha, mwana iwe," anatero chapansipansi. "Ndi mphanda yomwe."

Ndinayamba kuyandikira khomo pang'onopang'ono monga ndinkachitira masana onse. Pamene tinkalowa, amayi anaweramitsa mutu pampando pomwepo, ndipo atsibweni kumbuyo kwathu anaweramanso. Tinazungulira m'kati. Amayi ankaloza ndi chala: apa pankakhala mtsuko, apa m'pamene unabadwira iwe, apa ankapachika chikhoti chawo. Kenako anayang'ana ngodya ya mphasa nthawi yaitali.

"Muli mbee, monga ndinanenera," anatero. "Tiye tituluke. Koma usagwetse ali m'kati. Yamba watsegula."

Ndikanatha kufufuta zonse ndi kudina kamodzi, koma sindinawauze zimenezo. Tinatuluka n'kuima pabwalo. Popeza chitseko chija chinali zenera losatseguka, ndinachotsa thabwa lake lonse n'kusiya chibowo, mphuthu yokha. M'kati munaoneka mdima pang'ono. Kenako ndinayamba monga tinachitira kumudzi. Ndinasasula denga, ndinazula nsanamira imodziimodzi, ndinachotsa mtengo wa mphanda ndi khoma lake la kum'mawa, kenako la kumadzulo ndi la kumbuyo. Chilichonse ndikachotsa, chithunzi chinkatsikanso mwatsopano, ndipo tinkadikira tonse anayi. Patatsala khoma lakutsogolo, amayi anandigwira dzanja.

"Khomo lisiye. Abambo ako sankafulumira."

M'makina aja khomo silingaime popanda khoma, ukachotsa khoma limapita nalo. Ndiye ndinafupikitsa khomalo kuchokera kumanja ndi kumanzere, pang'onopang'ono, mpaka linatsala kachidutswa kongokwanira kugwira mphuthu. Imeneyo ndiyo njomba yomaliza imene ndinaphunzira pa pulogalamu ija, ndipo sindinaigwiritsenso ntchito pena paliponse. Chithunzi chitatsika, pa udzu wobiriwira panaima khomo lokha, lalifupi, lotseguka, thambo likuonekera mbali yinayo.

Amayi anatulutsa kolona m'chitenje nayamba kupemphera milomo yokha ikugwedera. Atsibweni anavula chipewa. Kunja galimoto zinkadutsa pamsewu waukulu, wina ankaitanira minibasi ya ku Lilongwe, ndipo ine ndinkapempha mumtima kuti magetsi asathime, osati tsopano. Sindikudziwa kuti tinakhala nthawi yaitali bwanji. Dzanja la amayi linali likadali pa langa, lozizira, lokhakhala ndi khasu. Kenako linamasuka.

"Atuluka," anatero. "Chotsa."

Ndinadina. Panatsala udzu ndi thambo. Ndinafufutanso dzina lake m'makinamo, atsibweni akuyang'ana, ndipo ndinawauza kuti tsopano palibenso paliponse. Amayi anaimirira, anakonza tawulo lawo, anathokoza a Gwaza chifukwa cha mipando, nati ndiwaperekeze pokwerera matola kusanayambe kuzizira. Panjira anandifunsa za inu, ngati mukudya bwino ndi ngati chifuwa cha wamng'ono chinatha. Za nyumba sitinayankhulenso, tsiku limenelo kapena lina lililonse mpaka imfa yawo.

Agnesi anandiuza pambuyo pake kuti amayi atafika anagona osadya, ndipo anadzuka dzuwa litakwera, mbuzi zikulirira m'khola. Abambo sanawabwererenso. Amene anayamba kulota nyumba ija ndine, ndipo mpaka lero, ndili ndi imvi zangazi, imandibwerera nyengo yozizira ikafika. Ndimakwera pakhonde, ndimawerama, ndimalowa. Khomo limakhala lotsegula, ndipo m'kati simukhala munthu.